Mubwere nonse anayi

Rosettenville, Johannesburg

Mwana wanga Nangozo,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino nonse ku Chilomoniko, iweyo, bambo a Tadala ndi adzukulu angawo. Ine kuno ndilipo, bondo lija ndi limene layambanso kuwawa poti chisanu chayandikira.

Lamulungu lija pafoni sindinakuyankhe zomveka. Unandiuza kuti kuntchito akukutumiza kunthambi yawo ya kuno ku Joni, uyambe mu Ogasiti. Ndisanamalize n'kululuta komwe, unapitiriza kuti mwapangana zoti ubwere wekha, Tadala ndi Yankho akakhale kwa apongozi ako ku Balaka chaka chimodzi kapena ziwiri, bambo awo azikawazonda mwezi ukatha. Ndinangoti tikambirana, n'kudula foni. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa pafoni mawu amandithera pakhosi, ndipo iwe ukangomva kuti ndikufuna kulira umasintha nkhani.

Ana usawasiye, mwana wanga. Mubwere nonse anayi.

Ndikudziwa kuti wonena izi ndi mayi yemwe anakusiya. Unali ndi zaka 6 m'chaka cha 2001, bambo ako atangotisiya, pamene ndinakwera basi pa Wenela. Ndinakunamiza kuti ndikupita ku Limbe kukakugulira nsapato za kusukulu. Agogo ako ndinawauza kuti ndi chaka chimodzi chokha, ndikangopeza ya malata ndi ya fizi ndibwerera, ndipo nanenso ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Ndinabwera patapita zaka 3. Unandilandira chikwama, n'kugwada chapatali, n'kundipatsa moni wa mlendo. Usiku unakana kugona pamphasa panga, unakadzipanikiza kumsana kwa agogo ako.

Ndalama ndinkatumiza, ndipo ndi zimene zinakufikitsa ku Polytechnic. Koma sabata imene unadwala chikuku ine ndinali kuchapa matewera a mwana wa eni ku Randburg. Ana atatu a m'nyumba imeneyo ndinawalera kuchokera kuchikuta mpaka kuyunivesite. Ndikudziwa amene ankaopa mdima, amene ankalavula mazira, amene sankagona osamusisita pamsana. Za iwe ndinkamva kwa anthu otsika basi. Utatha msinkhu anakulangiza ndi azakhali ako, ine ndinamva patadutsa miyezi iwiri. Mpaka lero pali zakukhosi zimene sundiuza, ndipo sindikuimba mlandu, sindinalipo pamene unkaphunzira wouza. Chaka chimodzi cha kuno sichitha, Nangozo, chimabala chinzake.

Ulendo wa ku Joni m'banja mwathu sunayambe ndi ine. Bambo anga anapita kumigodi ya golide ndi Wenela, bungwe lolemba anthu limene linasiya dzina pasiteji ya basi ija. Nthawi imeneyo mwamuna ankapita yekha, kukagona m'komboni ya amuna okhaokha, mkazi ndi ana lamulo silinkawalola. Anabwerera kwathu pambuyo pa ngozi ya ndege ya ku Francistown mu Epulo 1974, imene inapha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kumudzi, Kamuzu ataimitsa zolemba anthu. Akulu awo a bambo sanabwerere. Anatchona, ndipo manda awo palibe akuwadziwa. Iwowo anasiya ana chifukwa cha lamulo. Ine ndinakusiya chifukwa ndinalibe pepala, ndinalibe pogona. Iwe ndiwe woyamba pamtundu pathu kuitanidwa ndi kalata ya ntchito, lamulo likukulola kubwera ndi banja lako. Chimene ife tinachita mokakamizika usachichite mwadala.

Apongozi ako ndi anthu abwino, anawo sangawagoneke ndi njala. Sindikukayika pamenepo. Koma Yankho ali ndi zaka 2. Ukamusiya lero, pofika Disembala liwu loti "amayi" adzakhala akulipereka kwa munthu wina.

Ndikudziwanso zimene zikukuopsa, ndipo si zachabe. Ndiye nditenge nthawi ndikuuze mmene ndazionera zinthu m'zaka zoposa 20 zimene ndakhala kuno.

Ndiyambe ndi mapepala, chifukwa lendi, banki, sukulu ndi chipatala zonse zimayambira pamenepo. Pasipoti ya Malawi imakulowetsa m'dziko muno masiku 30 popanda visa, ndipo mbuna imene ambiri amagweramo ndi imeneyi. Wina adzakuuza kuti, "Iwe tenga pemiti yako, bambo ndi ana alowe ngati alendo, zinazo mukakonzera konko." Usamvere. Kuyambira 2014 munthu wolowa ngati mlendo wamba saloledwa kusintha visa ali m'dziko momwemuno, kupatula pazifukwa zochepa zapadera. Masiku aja akangopitirira, potuluka paboda amakudinda kuti ndiwe wosafunika, n'kukuletsa kulowanso chaka chathunthu, ena mpaka zaka 5. Ndinaona mayi wina wa kumpingo kwathu atapita kumaliro a mayi ake, n'kutsekeredwa kunja, ana awiri ali kuno ndi anthu oyandikana nawo nyumba. Ogwidwa m'misewu amakathera ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Choncho mapepala a nonse apite limodzi ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo matikiti musagule mpaka mapasipoti onse anayi atabwera odindidwa.

Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, komanso setifiketi yobadwira ya ku NRB yokhala ndi mayina a makolo onse awiri. Uyang'anitsitse kalembedwe ka mayinawo, chilembo ndi chilembo. Kwathu L ndi R timazisinthanitsa osaona vuto, koma kuno chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa pasipoti ndi setifiketi, wa pawindo amakubweza. Setifiketi ya ukwati utenge, chinkhoswe chokha kuno sachidziwa. Tadala, poti wafika msinkhu wa sukulu, adzafunika visa ya sukulu, ndipo kuti aipeze amafuna umboni wakuti ali pa medical aid ya kuno, ndiye kuti inshuwalansi ya chipatala. Mabuku a kusikelo a ana onse awiri akhale m'chikwama cha m'manja, kusukulu amafunsa za katemera. Mukafika tidzapita kupolisi kukadinditsa makope, n'kwaulere, kuti mapepala enieniwo azikhala m'nyumba.

Ndi mabwana ako usachite manyazi. Ife Amalawi timathokoza tisanawerenge. Usanasaine uwafunse kuti alipira ndani mavisa a banja lonse, medical aid ya anthu anayi, nyumba ya mwezi woyamba, ndi matikiti a kumudzi kamodzi pachaka. Visa ya munthu wosamutsidwa ndi kampani yake siipitirira zaka 4, ndiye ufunsenso ngati mpando wako wa ku Blantyre udzakhale ukukudikira zakazo zikatha. Chilichonse chimene avomere chilembedwe.

Tsopano za bambo a Tadala. Apa ndiyankhula mosamala, chifukwa ndi apongozi anga ndipo ndimawalemekeza. Visa yoperekeza mkazi kapena mwamuna siilola munthu kugwira ntchito. Iwo ndi mphunzitsi, anazolowera kudzuka m'mamawa, kumanga taye, ana a sukulu n'kumawagwadira pamsewu. Kuno miyezi yoyamba adzakhala m'fulati ndi mwana wa zaka 2, geti lotseka, osadziwa munthu, iwe n'kumabwera madzulo wotopa, nkhani zako zonse za kuofesi. Ndaona maukwati olimba akuphwasuka pazimenezi. Si ndalama imene imasowa, ndi ulemu. Mwamuna akafika popempha mkazi wake ndalama ya mayunitsi, mumtima mwake mumayamba kuwola pang'onopang'ono, ndipo sanena. Ndiye mukhale pansi musananyamuke. Ndalama yolowa ikhale ya banja, khadi la kubanki akhale nalonso, asamafotokoze za kobiri lililonse. Kuntchito kwawo ayambe apempha tchuthi chopanda malipiro, asathamangire kusiya. Masetifiketi awo atenge onse. Kuno amayamba awunikidwa ndi bungwe la SAQA, kenaka mphunzitsi amalembetsa ku SACE, bungwe loyang'anira aphunzitsi, ndipo munthu amene ali pa visa yoperekeza akhoza kupempha visa ya ntchito kapena ya sukulu ali konkuno. Zimenezi zimatenga miyezi, ndiye ziyambike msanga. Mwina ino ndiyo nthawi yoti awonjezere maphunziro aja akhala akuwalakalaka.

Kwawo kudzamveka mawu, konzekeratu. Adzati mwana wathu wadyetsedwa, akulondola mkazi ngati mbuzi ya pachingwe. Musatumize uthenga pafoni. Mupite ku Balaka nonse awiri pamodzi ndi ankhoswe, ndipo wofotokoza akhale iwowo, iwe ukhale phee. Makolo akamva m'kamwa mwa mwana wawo kuti ulendowu ndi wake, mitima imatsika.

Nyumba musasankhe musanasankhe sukulu. Kuno ku Gauteng malo a Grade 1 m'sukulu za boma amapemphedwa pa intaneti, amatsegula chapakati pa chaka kwa masabata owerengeka okha, ndipo amayamba kuganizira ana okhala m'dera la sukuluyo. Wochedwa amapatsidwa pamene patsala malo, ngakhale kutali. Ndiye adiresi ndi kalata ya lendi ya m'dzina lako ndi zinthu zofunika msanga, uwauze a kuntchito akuthandize usanafike. Poti ofesi ili ku Rosebank, funa nyumba kumbali imeneyo. Yotchipa ya kutali idzakudyera maola pamsewu wa M1, udzatuluka ana ali m'tulo n'kubwera ali m'tulo, ndiye kudzakhala kuwasiya komwe kuja, kungoti muli mumzinda umodzi. Kwa ine kuno n'kachipinda kamodzi, simungakwanemo.

Poyendera nyumba anthu amayang'ana mpanda ndi geti. Iwe uyang'anenso potulukira moto ukabuka, ndi pamene pamakhala makiyi a zitsulo za pakhomo. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya nsanjika inapsa ku Marshalltown, anthu 76 anafa, Amalawi anzathu ali momwemo, ana ali momwemo. Sudzakhala m'nyumba ya mtundu umenewo, ndikudziwa, koma kuyambira tsiku limenelo sindigona m'nyumba ndisanaone khomo lachiwiri. China ndi dziwe losambira. Nyumba zambiri za kumene ukupitako zili nalo, ndipo mwana wa msinkhu wa Yankho akagweramo sakuwa, amangomira zii. Ndagwira ntchito pafupi ndi madzi amenewo moyo wanga wonse wa kuno, maso sindinkachotsa. Ngati dziwelo lilibe mpanda wokhoma, nyumbayo isiyeni, ngakhale ikongole bwanji. M'galimoto, mwana wosafika zaka 3 lamulo limati akhale m'kampando kake komangirira, zomufukata pamiyendo kuno ayi.

Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala, osati Seputembala mpaka Julayi ngati kwathu. Tadala adzakhala atamaliza Sitandade 1, ndipo mtima wako udzafuna kuti alowe Grade 2. Usamukankhe. Ana ambiri kuno amayamba Grade 1 m'chaka chimene akukwanitsa zaka 7, ndiye iye ali pamsinkhu wake weniweni. Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala akhale ku Grade R, kalasi yokonzekera Grade 1, azisewera, khutu lizolowere Chingerezi cha kuno, apeze mnzake mmodzi. Mu Januwale adzayambira limodzi ndi anzake onse, palibe womuloza kuti ndi wobwera. Kumeneko si kubwereza kalasi, ndipo usalole munthu amuuze choncho. Masabata oyamba akhoza kungokhala duu m'kalasi, mwinanso kuyambanso kukodza pogona. Usamukalipire, ndi mtima umene ukusamuka, umachedwa kufika kuposa thupi. Pambali pa Chingerezi adzaphunzira chilankhulo china, kawirikawiri Chizulu kapena Afrikaans. Ngati pali kusankha, ine ndingakonde Chizulu. N'chimene adzamve m'takisi ndi pamsika, ndipo mawu ambiri ndi apachibale ndi athu.

Chimene ndikufuna ukhale nacho maso kwambiri ndi Chichewa chawo. Chingerezi usade nacho nkhawa, ana amachitola ngati chimfine. Isanathe miyezi 6 udzamufunsa Tadala m'Chichewa, iye n'kuyankha m'Chingerezi, ndipo udzasangalala, udzamujambula n'kutumiza kwa abale. Tsiku limenelo ndi limene chinthu chimayamba kutayika. Mnzanga wina wa ku Mangochi analera ana ake konkuno, ana aulemu, ophunzira bwino. Mayi ake atadwala anapita nawo kumudzi. Gogoyo anagwira dzanja la mdzukulu wake wamkulu n'kuyankhula nthawi yaitali, mwanayo akungomwetulira, osamva kanthu. Patapita masiku atatu gogo anamwalira. Mpaka lero mtsikanayo amafunsa mayi ake kuti agogo ankati chiyani, ndipo mayi ake sanali m'chipindamo.

Ndiye m'nyumba mwanu mukhale m'Malawi. Pakhomo mukangotseka chitseko, Chichewa. Osati ndi chikwapu, mwana womenyedwera chilankhulo amadana nacho. Akayankha m'Chingerezi, iwe pitiriza m'Chichewa ngati sunamve kusiyana. Bambo awo aziwaimbira nthano madzulo, ndi mphunzitsi, amazitha. Lamulungu lililonse pa ola lodziwika aziyankhula ndi agogo awo a ku Balaka pa WhatsApp, azionana nkhope, awaonetse mbuzi ndi nkhuku, adziwe mayina a asuweni awo. Aphunzire kulandira chinthu ndi manja awiri ndi kunena "zikomo" podutsa pa akulu, ngakhale anzawo a kusukulu amatchula akuluakulu mayina. Mipingo yopemphera m'Chichewa ilipo yambiri kuno, ndidzakutengerani kwathu, kuli ana a misinkhu yawo. Ndipo kumudzi muzipita nthawi ya mtendere, mu Disembala sukulu zikatsekera, osati pamaliro pokha. Mwana amene amangopita kwawo kukaika maliro amakula akuganiza kuti Malawi ndi dziko la misozi. Mukapita musathere kunyanja ndi m'malo ogona alendo. Akagone kumudzi, adye mango a pamtengo, aterereke m'matope, alumidwe ndi linthumbu.

Pobwerera kuchokera kumeneko ukumbukire malungo. Mu Johannesburg mulibe malungo, ndipo thupi la mwana likakhala kuno limaiwala kulimbana nawo. Kumudzi azigona m'neti usiku uliwonse. Mukabwera kuno mwana n'kutentha thupi, ngakhale patapita masabata awiri kapena atatu, uwauze adokotala mawu oyamba kuti tachokera ku Malawi, muyezeni malungo. Ambiri kuno saganizira msanga za matendawa, amayamba ndi chimfine, ndipo masiku otayikawo ndi amene amapha.

Mudzafika chisanu chisanathe. Mzinda uno uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, kuposa Dedza. Mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka uli mbuu, madzi osiyidwa panja m'beseni amaundana, ndipo Ogasiti amabwera ndi mphepo ya fumbi. Mpweya ndi wouma, milomo ya ana imang'ambika, ena amatuluka kamfuno. Vaseline asasowe m'nyumba. Nyumba za kuno zimazizira m'kati kuposa panja. Mugule hita ya magetsi ndi mabulangeti okwanira, koma mbaula isalowe m'nyumba ngakhale magetsi atazima usiku wonse. Chaka chilichonse timamva za banja logona ndi mbaula mawindo ali otseka, osadzukanso.

Za chipatala, khoti lalikulu la kuno linagamula mu 2023 kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osafika zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya achokera dziko liti. Lamulo likutero. Komabe pali magulu amene amaima pazipata za makiliniki n'kumabweza alendo. N'chifukwa chake ndalimbikira za medical aid ija.

Pamenepa ndafika pa chimene ukuopa kwenikweni, ngakhale pafoni sunachitchule. Sindikubisira. Mu Meyi 2008 chipwirikiti chinayambira ku Alexandra n'kufalikira, anthu 62 anaphedwa, ena mwa iwo eni dziko omwe. Chinabweranso mu 2015 ndi mu 2019. Mu 2008 ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu. Anandibisa masiku 4 m'chipinda chake chogona. Anyamata akabwera pageti ndi zibonga ankatuluka yekha, n'kuwauza kuti mlendoyo anapita kale. Ondifunawo anali a chilankhulo chake, wondibisayo analinso wa chilankhulo chomwecho. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo ana ako adzafunika kudziwa zonse ziwiri. Kwa zaka zambiri foni ikalira m'takisi sindinkayankha, kuopa kuti amva Chichewa. Sindikufuna Tadala akule ndi mantha amenewo. Tsiku lina adzabwera kuchokera kusukulu n'kukufunsa kuti kwerekwere n'chiyani. Usanjenjemere pamaso pake. Umuuze kuti ndi mawu onyoza amene ena amanenera anthu ochokera kunja, kuti wolakwa ndi wonenayo, ndipo kuti iye ndi Mmalawi, agogo a amayi ake anakumba nawo golide amene anamanga mzinda uno. M'mawa mwake upite kwa aphunzitsi, modekha koma osabwerera m'mbuyo.

Ndipo inuyo musadzitsekere m'gulu la Amalawi okhaokha. Uphunzire "sawubona" ndi "dumela", upereke moni kwa mlonda wa pageti, kwa mayi wogulitsa tomato, kwa oyandikana nawo. Mwana wawo akadwala ukazonde monga timachitira kwathu. Tsiku la mavuto wokutsegulira chitseko ndi amene ali pafupi. Mukakhazikika mukadziwitsenso a ofesi ya kazembe wathu kuti muli kuno, ili ku Pretoria, ndipo muno mu Johannesburg muli nthambi.

Za abale ndinena mwachidule. Akangomva kuti uli ku Joni foni siidzapuma, wina fizi, wina feteleza, wina akufuna malo ogona "masabata awiri okha" pofuna ntchito. Mugwirizane ndi bambo a Tadala ndalama yotumiza pamwezi, mbali zonse ziwiri mofanana, izipita pa Mukuru tsiku lodziwika, ikatha yatha. Inshuwalansi ya maliro yonyamula thupi mpaka kumudzi mulowe mwezi woyamba womwewo. Tasonkherana kokwanira kuno kuti anzathu akagone kwawo.

Pali china chimene ndikupempha ngati mayi ako. Mwina mudzafuna wothandiza m'nyumba, ndipo amene adzagogode adzakhala mtsikana wa kwathu, wa ku Mzimba kapena ku Machinga, wolankhula motsitsa mawu, wovomera ndalama iliyonse. Ukamuyang'ana udzandione ine wa 2001. Kuyambira 2022 malipiro otsikitsitsa a boma amakhudza antchito a m'nyumba mofanana ndi wina aliyense, ndipo amayenera kulembetsedwa ku UIF, thumba la boma lothandiza munthu ntchito ikamuthera. Umulipire zoyenera. Umufunse ngati ali ndi mwana kumudzi, dzina lake ndani, ali kalasi yanji. Mu Disembala umupatse tchuthi chokwanira kufika kwawo ndi kubwerera, osati masiku atatu. Ine ndinakhala zaka 3 zija osabwera chifukwa panalibe anandifunsa funso limenelo.

Ungaganize kuti m'kalata yonseyi ndikudzikonda, ndikufuna adzukulu pafupi. Inde, ndikuwafuna. Ntchito ndachepetsa, masiku ano ndimapita katatu pasabata, masiku enawo ndimasoka pakhomo. Undilole Yankho ndizikhala naye Lachiwiri ndi Lachinayi, bambo ake apeze mpata woyendera mapepala awo. Sindikunena kuti ndikubweza ngongole yako, imeneyo siibwezeka. Ndikungofuna kubereka kumbuyo mwana wa magazi anga, ndimuimbire nyimbo zimene ndinaimbira ana a eni.

Paulendo, ndi ana aang'ono chonchi kwerani ndege. Kuchokera ku Chileka kufika ku OR Tambo ndi maola osakwana atatu. Basi ndi masiku awiri, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka pamzere wa pa Beitbridge, kumene munthu wamkulu yemwe amafika miyendo itatupa. Katundu wolemera apite ndi matransipota odziwika, ndikupatsa nambala ya amene ndimatumiza naye. Ufa, mpunga wa Kilombero, usipa ndi nyemba zimapezeka kuno, mabasi amabweretsa sabata iliyonse, ndiye musadzilemetse. Koma mthiko wako, chipande ndi mphika umene ana anazolowera utenge. Nsima ya tsiku loyamba ikhale ya m'mphika wa kwawo.

Tadala umuuze zoona, ndipo umuuze msanga. Umuuze kumene mukupita, chifukwa chake, ndi mwezi umene mudzabwere kudzaona agogo. Umulole alire. Akatsanzike anzake a kusukulu ndi aphunzitsi ake, asankhe yekha zinthu zoika m'kachikwama kake, ngakhale atasankha chidole chothyoka mwendo usamuletse. Galu uja amuone kumene akukakhala. Usamuuze za nsapato za ku Limbe.

Musananyamuke mudzere kwathu ku Ntcheu. Ukasese pamanda a agogo ako, uwaonetse anawo pamene agona mayi amene anakulera, uwauze kuti ukupita kumene kuli ine ndipo ana watenga. Ukanditengereko nsinjiro ndi mfutso wa nkhwani kwa azakhali ako.

Ndayamba kale kuluka majuzi awiri, wofiira wa Tadala, wobiriwira wa Yankho. Unditumizire muyeso wa m'chifuwa ndi wa mikono, uyeze ndi chingwe ngati tepi palibe. Tsiku lofika undiuze pakadali nthawi kuti ndipemphe tchuthi, ndidzakhala nditaima potulukira anthu ndi mabulangeti. Bambo a Tadala uwapatse moni wanga, uwapemphe andiimbire okha Loweruka madzulo, ndili ndi mawu awo.

Ndine mayi ako,
Nachisale